Manati Anayi Pansi pa Thanki

Lolemba m'mawa foni inalira mu ofesi, ndipo bwana wathu atamaliza kuyankha anandikodola. Anati kudoko kwabedwa injini yaing'ono ya boti loolotsa anthu, ndisiye zonse ndikaone. Ndinene poyera pano, popeza kwina konse ndinabisa: nditamva mawu akuti kwabedwa, mtima wanga unakhala m'malo. Wapolisi wa zaka khumi ndi zisanu pantchito, kukondwera kuti kwabedwa. Mpaka lero manyazi amandigwira ndikakumbuka mmene ndinatsikira masitepe a ofesi mopepuka.

Nkhani yake inayamba Loweruka. Tsiku limenelo ndinali padoko pomwepo, osati ngati wapolisi koma ngati mng'ono wake wa makaniko. Achimwene anga amakonza injini za maboti, ndipo mayi amene ali ndi boti loolotsa anthu pamtsinjepo anawapatsa ntchito yoika kainjini kothandizira pambali pa injini yaikulu. Mwezi wapitawo yaikuluyo inazima pakati pa madzi muli anthu makumi awiri, boti n'kuyamba kukokoloka, ndiye mayiwo analumbira kuti zimenezo sizidzachitikanso. Achimwene anafuna wowagwirira zitsulo, ine sindinali pantchito, ndinapita.

Ukamaonerera, ntchito yake imaoneka yophweka. Kainjini kamakhala pathabwa lakumbuyo kwa boti, motalikirana ndi yaikulu kuti zisagundane pokhota. Kali ndi zopanira ziwiri zopotokola ndi manja, koma achimwene sazikhulupirira, amati ntchito yake n'kungogwirizira pamene iwe ukuboola. Anaboola mabowo anayi, kupakamo guluu woletsa madzi, n'kukhomera mabawuti kuchokera kunja, aja a khosi la ngodya amene akalowa sazungulira. Kenako anakoka payipi ya petulo kuchokera ku thanki yomwe imadyetsa injini yaikulu. Chomaliza chinali ndodo yachitsulo yolumikiza injini ziwirizo, kuti woyendetsa akapotoza chiwongolero zonse zizikhotera limodzi. Ndodoyo anaiyeza katatu, akuikalipira ngati imamva.

Gawo langa linali laling'ono: kukwawira m'kati, kuseri kwa thanki, n'kumanga manati anayi pa mabawuti aja. Anandipatsa m'manja, atsopano, onyezimira. Malo ake ndi opanikizika, ndipo mimba yanga si ija ndinalowa nayo ntchito. Ndikuti ndisinthe mkono, manati onse anayi anapulumuka n'kugubudukira pansi pa thanki, kumene dzanja silifika. Ndinayesa ndi waya, ndinayesa ndi kamtengo, thukuta lili kamukamu. Kunjaku achimwene anali atayamba kale kundigemula pamaso pa Kaputeni, woyendetsa botilo. Ankamuuza kuti manja anga anazolowera bolopeni ndi kuloza anthu, ndipo chibadwire sindinamangepo kanthu n'kukhala. Kaputeni ankaseka mpaka kutsokomola.

"Wamanga, iwe?" achimwene anafunsa.

"Ndamanga."

Masiku onse achimwene sasiya ntchito ya munthu osaiona ndi maso awo. Tsiku limenelo mvula inayamba, ndipo anali pachangu choti akakwere basi yopita kudoko lina kumene anali ndi ntchito ya masiku angapo. Anangogwedeza kainjini, zopanira ndi guluu zinagwira gwa, basi. Anauza Kaputeni zinthu ziwiri: boti lisasunthe mpaka Lolemba kuti guluu aume, ndipo akamathamanga ndi injini yaikulu, kakang'onoko kazikhala katakwezedwa m'mwamba. Ine mumtima ndinati ndigula manati ena ndidzamange mwakachetechete. Lamulungu sitolo ya zitsulo inali yotseka. Ndinati Lolemba m'mawa, ndipo Lolemba m'mawalo ndi lija foni inalira.

* * *

Padoko ndinapeza anthu ataunjikana, mwini boti ataima manja ali m'chiuno. Mayiwo sanafune zambiri: injini yawo, ndi munthu amene waitenga. Kaputeni ndiye anali ndi mawu otikwanira tonse. Ndi munthu woti akamalankhula manja amathamanga kuposa pakamwa, ndipo chilichonse amachitsekera ndi kulumbira. Anati Lamulungu lonse boti silinasunthe monga analamulira amakaniko, iye anali kunyumba mutu ukumupweteka, ndipo m'mawa uno pochotsa lona, chinsalu chofunditsa kumbuyo kwa boti, anangopeza mabowo anayi akumuyang'ana.

Ndinakwera m'boti. Maso a ntchito sapempha chilolezo kwa mwini wake, amangoona. Ndodo yolumikizira ija inali ikadali pa injini yaikulu, koma itapindika ngati chigongono, ndipo nsonga yake yopita ku kainjini inali yothyoka. Chikhalirecho ndodo imeneyo imachoka ndi chala chimodzi, ukangosolola kapini. Payipi ya petulo nayo sinamasulidwe pamene amamasulira, inachita kung'ambika. Pathabwa, pamene panagwira zopanira, panali mizere iwiri yokalika yopita m'mwamba chakumbali. Ndi wakuba wamtundu wanji amene amalimbana ndi chitsulo kapini kali pamphuno pake? Funsoli linabwera ndithu, ine n'kulikankhira kumbali. M'buku ndinalemba kuti akubawo anali pachangu.

Ndikutsika, Kaputeni anapisa m'thumba la malaya.

"Bwana, onani izi. Ndinasuntha thanki kuti ndione ngati sanatengenso zina. Anamasula n'kutayira pansi pomwepo, Mulungu akuona kumwambaku."

Anatambasula dzanja. Munali manati anayi aja.

* * *

Ndinawalandira, ndinawaika m'kajumbo koonekera, n'kulembapo kuti ndi manati omasulidwa ndi wakuba. Ndinalemba bodzalo mosavutika n'komwe, ndipo chimenechi ndicho chimandiopsa kwambiri ndikamaganiza. Ndinadziuza kuti zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Kodi wakuba sangabe injini yopanda manati? Ndiye kuti ndinangomupeputsira ntchito, basi.

Mlonda wa padokopo ndi mdala wochepa thupi, wa jekete lomukulira, amene sayankha funso asanaliyeze kulemera kwake. Amalowa ntchito sikisi koloko madzulo. Ndinamupeza atakhala pakhomo pa kanyumba kake ka malata, chifukwa mwini boti anamuletsa kupita kwawo. Ndinamufunsa zimene anaona, anati palibe. Ndinamufunsa ngati anali maso usiku wonse, anati anali maso. Nditabwereza funsolo mokweza, anavomera kuti chakum'mawa anagonako pang'ono, chifukwa masana amasenza mchenga pamalo ena pamene akumanga nyumba. Anawonjezera kuti Lamulungu pofika pantchito anapeza kumbuyo kwa boti atafunditsako kale lona, ndipo sanavundukule popeza si ntchito yake. Mawu amenewa ndinawamva bwinobwino, koma m'buku sanalowemo.

M'kanyumbamo munali njinga yake, ndipo m'kathumba ka pansi pa chishalo munali sipanala. Ndinatulutsa nati imodzi m'kajumbo, ndinayesa, inalowa ndendende. Masipanala a saizi imeneyo ali m'nyumba iliyonse yomwe muli njinga, kwathu omwe ilipo, koma anthu oonerera anangoti hii. Pomwepo wina kumbuyo anaponya mawu akuti mdalayu anakhalapo kundende pa nkhani ya mabatire a galimoto. Mwini boti sankadziwa zimenezo, ndipo anamuyang'ana mdalayo ngati aona njoka m'nyumba.

"Zinali zaka makumi awiri zapitazo, bwana," mdala anatero, mawu ali pansi.

Sanakane, sanalimbane. Ndisanatulutse n'komwe unyolo, iye anali atatambasula kale manja onse awiri.

Kuofesi bwana anasangalala. Anawerenga ndi zala: sipanala, manati, bodza la tulo, mbiri yakale. Anati Lachinayi mdala akaonekere kukhoti, ine ndingopeza kumene anagulitsa injini. Masana amenewo ndinadutsa pakhomo la chitokosi kawiri, ndipo kawiri konse ndinayang'ana kumbali.

* * *

Lachiwiri m'mawa ndinazungulira onse ogula ndi kugulitsa zitsulo zakale, ndi amakaniko onse amene ndimawadziwa kuti safunsa kumene katundu wachokera. Palibe amene anamvapo za kainjini katsopano. Mmodzi anachita kundiseka, akuti kanthu ngati kameneko kakabedwa Lamulungu, pofika Lolemba masana amakhala atakanenerera anthu atatu. Ndinabwerera kudoko.

Pafupi ndi polowera pali mayi amene amagulitsa petulo wa maboti m'madiramu. Ndikudutsa anandiitana ndi mluzu, ngati akuitana kondakitala.

"Inu apolisi mumangofunsa amuna okhaokha. Ife akazi maso athuwa ndi okongoletsera nkhope?"

Ndinakhala pa chigubu chopanda kanthu n'kutsegula buku. Mayiwo anati Lamulungu sagulitsa, koma anabwera masana kudzaona ngati mvula sinalowe m'madiramu. Cha m'ma thu koloko anaona boti likunyamuka, muli Kaputeni ndi mayi wina wa wigi yaitali amene si mkazi wake. Linanyamuka ndi liwiro loti ngakhale wodwala wakayakaya sathamangitsidwa choncho. Linabwerako itadutsa folo koloko, pang'onopang'ono, kumbuyo atafunditsa lona, ndipo pamadzi likusiya kamzere konyezimira ka petulo. Kaputeni anali atanyowa mpaka m'khosi. Wa wigi uja anatsika nsapato zili m'manja n'kumapita osatsanzika.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere dzulo. Anati dzulo ankaganiza kuti apolisi ali ndi nzeru zawo, ndipo nkhani za wigi za eni ake sazilowerera, koma atamva kuti mdala wagona m'chitokosi tulo sitinabwere. Anati mdala ameneyo wakhala akulondera madiramu awo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sipanasowepo ngakhale kapu imodzi ya petulo.

"Ndiye muwonjezere ichi m'buku mwanumo. Dzulo Kaputeni wabwereka chingwe changa chachitali chija ndimatsitsira madiramu. Munthu wobedwa injini chingwe n'chachiyani? Akufuna kumangira wakubayo?"

Ndinafunsa kumene Kaputeni ali. Analoza ndi mlomo kumunsi kwa mtsinje. Anati nthawi yopuma masana, dzulo ndi lero lomwe, amatenga boti yekha n'kupita pokhota paja pali chitsulo chofiira choyandama.

* * *

Ndinatsata gombe wapansi, matope akundimata nsapato. Ndili patali ndinaliona boti likupita n'kubwerera pamalo amodzimodzi, Kaputeni atawerama kumbuyo, akukoka nangula pansi pa madzi ndi chingwe chija. Ndinaima pansi pa mtengo n'kumuonerera. Ndikanatha kubwerera osaoneka, ndipo maganizo amenewo anandifikira ndithu. Koma iye anadzutsa mutu, maso athu anakumana.

Atakocheza, kulumbira konse kuja kunali kutatha. Anakhala pamphepete pa boti atazyolika n'kufotokoza yekha ndisanafunse. Anati anafuna kungomuonetsa mayi wa wigi uja mmene boti limathamangira. Kainjini anaiwala kukakweza, kanali kakadali m'madzi. Atafika pa chitsulo chofiira anakhota mwamphamvu, chiwongolero mpaka pothera, kuti madzi athovoke. Anangomva kuti gwe kumbuyo, ndipo potembenuka anaona kainjini katazuka, kakulendewera pa ndodo ija. Ndodo inathyoka, kainjini chubwi. Anadumphira m'madzi kukasaka mpaka mpweya kumuthera, koma pamenepo ndi pakuya. Za kubedwa anaphika panjira pobwerera, poopa ntchito komanso poopa mkazi wake.

Ndinamutengera kuofesi ndili ndi chimwemwe chamtundu wina, chonyansa ngati choyamba chija. Ndinaona kuti mdala atuluka, mlandu ugwera Kaputeni, ndipo za ine sizidzamveka. Kaputeni anabwereza zonse pamaso pa bwana, misozi ili m'maso. Atamaliza anapukuta kumaso ndi malaya n'kudzutsa mutu.

"Ndalakwa, bwana, sindikukana. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichikundichoka m'mutu. Ngakhale ndikhote bwanji, injini yomangidwa ndi mabawuti anayi singazuke choncho, lingathyoke ndi thabwa. Nanga manati aja anafika bwanji pansi pa thanki, onse anayi? Nati imadzimasula yokha? Ameneyo ndi mdala uja. Anamasula Loweruka usiku kuti adzanyamule bwino tsiku lina. Likanakhala Lolemba, muli anthu, bwenzi tikunena zina."

Sankanama pamenepa, ankakhulupiriradi zimene ankanena. Bwana anatenga kajumbo kaja patebulo, anakayang'ana, n'kugwedeza mutu. Anati ndiye kuti mlandu wa mdala wakula: sikuyesa kuba kokha, komanso kuika miyoyo ya anthu pangozi. Chotsala n'chimodzi, makaniko alembe sitetimenti yoti manatiwo anamangidwa Loweruka. Anandiponyera kajumboko.

"Si achimwene ako amene aja? Mawa m'mawa ndiipeze patebulo pano."

* * *

Achimwene anabwerako Lachitatu ndi basi yoyamba. Ndinawapeza mu shedi yawo, mmene injini zimakhala zitapachikidwa pathabwa lalitali, ndipo pakona pali diramu la madzi loyeseramo. Anali atamva kale za kubedwa kwa kainjini, ndipo anandilandira ndi chipongwe chawo cha masiku onse, akuti akuba a masiku ano alibe ulemu, kuba injini yomangidwa ndi bwana wapolisi. Ndinawafotokozera za Kaputeni, za wigi, za pokhota paja. Anaseka, kenako anasiya kuseka n'kufunsa ngati thabwa linang'ambika. Ndinati ayi, mabowo ali bwinobwino.

Ndinatulutsa kajumbo n'kunena zimene bwana akufuna. Anapukuta manja, anavala magalasi awo omanga ndi waya mbali imodzi, n'kukhuthulira manatiwo pachikhatho. Anapita nawo pakhomo pamene pali kuwala. Anatenga imodzi, anasuzumira m'kati, anatenga ina. Kenako anabwerera, anapisa m'chitini cha zitsulo zakale n'kutulutsa nati ina yofanana nawo, yakuda ndi girizi. Anaziika pamodzi pa benchi n'kundiuza kuti ndiwerame ndione.

Manati amenewa amakhala ndi kamphete kapulasitiki m'kati, kamene kamaluma bawuti kuti nati isamasuke ndi kunjenjemera kwa injini. Ikangomangidwa kamodzi, mazinga a bawuti amadula kampheteko ndipo chipsera chake sichichoka. Mu nati yakale ija kamphete kanali kodukaduka. Mu anayi anga munali mosalala, moyera, ngati angotuluka kumene m'sitolo.

"Manati awa sanalawepo bawuti," achimwene anatero.

Kunja wina ankaliza injini, ndipo ndinalakalaka phokosolo likanakula kuti ndisamveke. Ndinawauza zonse: mmene anagwera, waya, kamtengo, sitolo yotseka. Ndinkayembekezera kuti atukwana, kapena andigenda ndi sipanala monga ankachitira tili ana. Zikanakhala bwino. M'malo mwake anavula magalasi n'kukhala pa chitsa chawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti akalamba.

Anakoka chitini china pansi pa benchi n'kuchitsegula. Chinali chodzaza ndi manati atsopano a mtundu womwewo.

"Ukanangoti achimwene, agwa. Ndikanakuseka mphindi ziwiri n'kukupatsa ena. Mphindi ziwiri, mphwanga."

Anati kusayang'ana kunali kulakwa kwawo, ndipo zimenezo akauza mwini boti ndi pakamwa pawo, ngakhale zitanthauze kuti maboti a padokopo sadzawapatsanso ntchito. Kenako anasintha mawu n'kuyamba kundilankhula mwaulemu, ulemu umene sanandipatsepo chibadwire, ndipo unawawa kuposa chipongwe chawo chonse.

"Ndiye bwana wapolisi, mukufuna ndilembe chiyani pa pepala lanulo?"

Ndinati asalembe kanthu. Anafunsa kuti mdala wagonamo masiku angati, ndinati awiri. Anabwezera manati m'kajumbo mmodzimmodzi, anandipatsa, n'kutembenukira ku injini imene ankakonza.

* * *

Zimene zinachitika mu ofesi ya bwana sindizitalikitsa. Ndinaima, ndinanena, iwo anamvetsera chala chili patsaya. Anatenga nati imodzi n'kusuzumira m'kati monga ndinawalangizira. Anandifunsa ngati pamene ndinkalemba pa kajumbo paja ndinkadziwa, ndipo ndinati ndinkadziwa. Anandilanda failo, anandipatsa pepala loti ndilembe sitetimenti ya ine mwini, n'kunena kuti zotsatira zake zichokera kumtunda ndipo ndisayembekezere zabwino. Nditamaliza kulemba anatsegula dirowa n'kuponya makiyi patebulo. Anati mdalayo ndinamutsekera ndekha, ndikamutsekulire ndekha.

Mdala anali atakhala pakona, mawondo ali pachifuwa, jekete atafunda kumutu. Nditamuuza kuti atuluke, mlandu palibe, sanamve msanga. Nditabwereza anaimirira movutikira n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Anandithokoza, anati ankadziwa kuti ndine wapolisi wachilungamo, ankapemphera kuti ndisatope kufufuza, ndipo Mulungu andidalitse pamodzi ndi ana anga. Sindinamvepo manyazi ngati amenewo. Ndinalakalaka simenti ikanang'ambika.

Pakauntala, akumubwezera lamba ndi zingwe za nsapato, ndinamuuza. Ndinayambira Loweruka mpaka pa kajumbo, osadumpha mawu ake aja a lona amene sindinawalembe. Anzanga awiri amene anali pakauntala anakhala ngati akuwerenga mabuku awo. Mdala anakhala pa benchi n'kuyamba kulowetsa chingwe m'mabowo a nsapato, bowo limodzilimodzi, osandiyang'ana. Anamaliza nsapato yoyamba, anayamba yachiwiri.

"Ndiye kuti munkadziwa, bwana, pamene munkayesa sipanala yanga?"

"Ndinkadziwa, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinati ndikalankhula ndi mwini boti kuti ntchito yake isathe, ndikaima padoko n'kuuza aliyense, ndichita chilichonse chimene anganene. Anamanga chingwe, anaimirira, anakoka lamba mpaka bowo lomaliza. Anati za padoko alibe nazo nkhawa, anthu a padoko amaiwala. Koma masiku awiri onsewa anzake a m'chitokosi ankalandira chakudya kuchokera kwawo, iye ayi. Mayi akunyumba sanabwere, ngakhale kutuma munthu. Anati pamene anatuluka kundende kalelo, mayiwo anamulandira pa pangano limodzi, loti asadzabenso, ndipo zaka makumi awiri wakhala akulisunga.

"Ine ndikakanena, sakandikhulupirira. Tiyeni mukanene inuyo."

Tinayenda wapansi, iye patsogolo, ine pambuyo. Tinadutsa msewu waukulu, tinalowa tinjira ta pakati pa nyumba, tikudumpha ngalande za madzi ochapira. Titafika pa kanyumba ka chitseko chobiriwira, kokhala ndi maluwa obzala m'zitini, mdala anaima pamsewu n'kundilozera ndi mutu. Iye sanayandikire.

Ndinagogoda. Anatsegula mayi wa imvi, manja ali ndi thovu la sopo. Anayang'ana yunifomu yanga kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa, ndipo kumsewu kumene kunaima amuna awo sanayang'aneko. Anapukuta manja pang'onopang'ono n'kufunsa ndi mawu otopa, opanda ngakhale mkwiyo.

"Abanso chiyani?"

Mdala anamva. Ndinamuona akutembenukira kumbali n'kumayang'ana khoma la nyumba ya eni. Ndinavula chipewa, n'kupempha mayiwo kuti andilole ndikhale pansi pakhonde pawo, chifukwa nkhani yake inali yaitali ndipo wolakwa anali ine.